Mawu a Ellah Kuseri kwa Khoma

"Ababa, ngati amayi anamwalira, bwanji amayankhula kwa a Hafiz usiku?"

Luso anafunsa funsoli bambo ake akumumanga zingwe za nsapato. Bamboyo, Prosper, anangopitiriza kumanga zingwezo. Panali patatha miyezi isanu chiikireni mkazi wake Ellah ku Malosa, ndipo mwana wa zaka zisanu amalota zambiri.

Koma usiku womwewo Prosper anadzimvera yekha. Chifunga chinali chitatsika kuphiri n'kukuta Mbedza yense, agalu ali chete. Kuseri kwa khoma, m'chipinda chimene ankachita lendi Hafiz, wophunzira wa ku yunivesite, munamveka kakhosomo kouma, kenako kuseka. Ellah yekha ndiye ankayamba wakhosomola asanaseke.

Usiku wachiwiri mawu anamveka bwinobwino: "Lowani, lowani, zovala zatsopano zafika." Luso anadzuka n'kukagunditsa khutu kukhoma, n'kumanong'ona kuti, "Amayi, ndine."

Pampopi nkhani inali itafika kale. Amayi ena ankati anamumvanso Ellah ku Zakazaka, m'nyumba za ana asukulu. Ena ankati malemuyo sanafe imfa ya Mulungu, wina anamusandutsa ndondocha kuti azimugulitsira malonda. Luso anasiya kudya. Masana ankagona, usiku n'kumadikira pakhoma.

Usiku wachinayi Prosper anakagogoda kwa Hafiz.

"Achimwene, muli ndi ndani muno?"

"Ndili ndekha. Mwina ndasokosa ndi gemu?"

Hafiz anatembenuza laputopu. Munali mzinda wa pa intaneti, wojambulidwa ngati Zomba yemwe, phiri ndi mitengo yake ya paini. Anafotokoza kuti anthu amalowamo ndi zidole zowaimira, amagula mapuloti ndi zovala za zidolezo ndi ndalama zenizeni, ndipo amalonda amatsegulamo mashopu. Anayendetsa chidole chake mpaka pashopu ina. Pakhomo panaima mkazi wa nkhope yachilendo, wosaphethira. Anakhosomola, n'kuseka.

"Mwafika? Mwadya koma, bambo a Luso?"

"Amatero kwa aliyense," anatero Hafiz. "Anthu amamukonda ndi zimenezo." Atayang'ana nkhope ya Prosper, anatsitsa mawu. "Pepani, achimwene. Ine ndabwera kuno maliro atachitika kale. Sindimadziwa."

Pamwamba pa shopuyo panalembedwa dzina la mwini wake: Kevin.

Kevin anali mchimwene wake wa Ellah. Tsiku logawa katundu wa malemu, akubanja anapereka zitenje kwa azakhali, mapoto kwa achemwali, foni kwa Kevin. Prosper anaipereka ndi manja awiri, monga mwa mwambo, osakumbukira kuti munali mauthenga onse a mawu amene Ellah ankamutumizira iye ali kusukulu yausiku.

M'mawa Prosper anakamupeza Kevin pabenchi yake yokonzera mafoni mumsika.

"Alamu, khalani pansi, musandichititse manyazi," ananong'ona Kevin. "Kampani ya gemu ija inkafuna mawu a Chinyanja chathu chino. Ndinawapatsa mauthenga a m'foni muja, makina awo anaphunzira, basi. Ndaba chiyani? Foni munandipatsa nokha, abale akuona."

"Kawachotseni."

"Ndinasaina. Mawuwo si anganso. Shopu ndingatseke lero, koma akuwagwiritsanso m'mashopu ena." Anapukuta thukuta. "Analinso mlongo wanga, alamu. Ine ndimamva bwino ndikamumva."

"Mwana wanga sakudya," anatero Prosper, n'kunyamuka.

Hafiz anayamba kuvala zomvera m'makutu, khoma linakhala chete. Komabe nthawi zina mphepo ikamachokera kuphiri, kusekako kunkamveka chapatali, kuchokera pawindo la munthu wina.

Usiku wina Prosper anapeza Luso ataima pakhomo, akumvetsera. Anamunyamula, n'kumufunditsa jekete lake, n'kumuuza pang'onopang'ono:

"Amayi ako sayankhula kwa a Hafiz, mwanangu. Akupumula ku Malosa, palibe amene akuwagwiritsa ntchito. Awo ndi mawu amene ankandiuza ine, amalume ako anawagulitsa. Amene akuyankhula ndi mawuwo sakukudziwa. Akakuitana, usayankhe. Udzutse ine."