Lamba wa Corbin m'Bokosi la Ozoni

Kwathu ku Wisconsin, m'nyumba ya bambo anga a Lyle Brandvold, kusaka nswala kunali ndi mwambo wake ngati mapemphero. Zovala zosakira zinkachapidwa ndi sopo wosanunkhira n'kuyanikidwa panja, chifukwa nswala ikangomva fungo la munthu simuionanso. Lamba amene mlenje amadzimangirira naye kumtengo akakhala pa nsanja m'mwamba, bambo ankamupapasa ndi zala asananyamuke. Lamulungu uta sunkatuluka mpaka titaweruka kutchalitchi.

Mlongo wanga Corbin anali ndi zaka 19. Pa uta anali katswiri, koma kuchapa ankadana nako. Ine ndinali nditabwerera kwa makolo ndi khanda langa Tova, choncho zambiri ndinkazionera pa windo la kukhitchini.

Tsiku lina mnzake Jarrod anamupeza akufinya jekete.

"Aise, ukuchapabe pamanja chaka chino?" anatero Jarrod. "Kuli kamakina kotulutsa mpweya wa ozoni, wopha fungo. Umangoponya zonse m'bokosi, kudina batani, fungo lonse psiti!"

"Ndikapeza kuti?"

"Si amalume ako a Gunnar ali nako? Agona kuchipatala ndi bondo lija, asaka chiyani? Pobisa kiyi wa shedi yawo yosungiramo zida umapadziwa."

Loweruka lotsatira ndinamva kanthu kakulira m'galaja ngati njuchi m'botolo. Ndinapita kukasuzumira nditanyamula Tova. Kamakinako kanali kosaposa buledi, kali ndi kapaipi kolowa m'bokosi, ndipo kankanunkhira ngati panja mvula ya mphezi ikangodutsa. Ndinadabwa. Mpweya wosaoneka ungadye bwanji fungo la thukuta? Ndinanunkhiza jekete lomwe dzulo lake linkanunkha fodya ndi mafuta a galimoto. Panalibe kanthu, ngati silinavalidwepo. Koma Tova anayamba kutsokomola, ndipo ndinamutulutsa msanga.

"Wakatenga kuti?" ndinamufunsa Corbin pakhomo.

"Ndabwereka."

"Eni ake akudziwa?"

"Asisi, samalani mwana wanu."

Kapepala ka malangizo kanali katagwera pansi, ndipo ndinakawerenga konse. Kanati theka la ola n'lokwanira. Kanatinso zamphira, lasitiki ndi malamba a chitetezo zisalowemo, chifukwa mpweyawo umazidya pang'onopang'ono.

"Iwe Corbin, lamba wako ali m'bokosimu."

"Ndiye ndizikhala pansi kusankhula chimodzichimodzi ngati nyemba? Sukulu munaisiyira panjira inu, lero mwasanduka asayansi?"

Mawuwo anandibaya. Za kapepalako bambo sindinawauze.

Koma iwo anali ndi maso awo. "Mwana wanga," anatero pachakudya, "sabata yachiwiri ino chingwe chilibe zovala zako."

"Jarrod wandibwereka makina, ababa."

"Makina sagwira ntchito ya zala. Bweretsa lamba wako ndimuone."

"Ndamuona kale. Ali bwinobwino."

Kamakina kankangolira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, chifukwa ngakhale kukazimitsa ankachita nako ulesi. Nsapato zake zamphira zinachita ming'alu. Lasitiki wa m'chiuno mwa buluku lake anandithethekera m'manja ngati bisiketi. Nditamuonetsa anaseka.

"Buluku likagwa nswala ichita manyazi, iima, ine ndiilasa."

Lamulungu lotsatira Corbin anati mutu ukumupweteka, n'kutsala kunyumba. Pochokera kutchalitchi tinapeza galimoto yake palibe, uta palibenso. Bambo anathamangira kunkhalango osavula ngakhale tayi. Anakamupeza chagada pansi pa mtengo wake, atagona pamenepo maola atatu, miyendo isakumva kanthu.

Kuchipatala ndi kumene anatifotokozera. Inabwera nswala yamphongo yanyanga zikuluzikulu, n'kuima pansi pa nsanja penipeni. Sinamve fungo lililonse. Kuti ailase bwino, Corbin anapendekera kunja n'kusiya thupi lonse pa lamba, monga ankachitira nthawi zonse.

"Sanaduke ngati chingwe, asisi," anandiuza. "Anangong'ambika ngati pepala lonyowa."

Msana unathyoka. Madokotala ananena mosabisa kuti sadzayendanso.

Amalume a Gunnar anabwera akutsimphina ndi ndodo zawo, n'kukhala pambali pa bedi. Corbin analephera kuwayang'ana.

"Amalume, kamakina kanu ndinachita kuba. Ndikhululukireni."

"Ndakukhululukira, mphwanga," anatero. "Chikundiwawa n'chakuti ukanandipempha ndikanakupatsa. Ndipo pokupatsapo ndikanakuuza kuti lamba salowamo."

Corbin analira ngati mwana. Inenso ndinatuluka n'kukaulula kwa bambo kuti kapepala kaja ndinakawerenga, koma sindinawauze chifukwa chopsa mtima. Sanandikalipire.

Achinyamata, ndikukuuzani mosapita m'mbali. Chinthu chakuba chimabwera chokha, mwini wake wokulangiza amatsala. Ulesi nawonso umadya mwakachetechete, ndipo umayambira pa chimene chikukusunga. Nanunso amene mukuona m'bale wanu akulakwa, nenani ngakhale akunyozeni. Kunyozedwa kwanga kukanatha tsiku limodzi. Corbin ndimamukankha pa njinga ya olumala Lamulungu lililonse, ndipo chaka chino ndi chachitatu.