Chitsulo Choyezera cha ku Limbe

Lachinayi lina madzulo m'chaka cha 2014, chimanga cha ku Indiana chitangokololedwa, Mervin anaweruka ku chipatala ku South Bend atafufuma ndi mkwiyo. Atafika kunyumba, chakudya sanachiyang'ane n'komwe.

Mervinyu ankathandiza mwaulere gulu lina losunga kasitima kakale ka njanji yopapatiza, kamene kankatuta dongo la njerwa kunja kwa tawuni. Atapempha kwa zaka, anamupatsa chigawo chakechake kuseri kwa shedi kuti ayale njanji yatsopano. Pofuna kulemekeza malemu bambo ake, amene anakalambira pa njanji ku Limbe, anayezera kutakata kwa njanjiyo ndi chitsulo chawo chimene anabwera nacho m'sutikesi pochokera kumaliro. Anakhoma chilimwe chonse akuimba mluzu. M'mutu mwake, yopapatiza ndi yopapatiza basi. Osadziwa kuti yakwathu ndi yotakatako pafupifupi chikhatho chathunthu!

Tsikulo Theresa, mkulu wa gululo, anali atamuuza mosapsatira mawu kuti kasitima sikangayende pa njanji yakeyo. Loweruka kukubwera ana asukulu. Njanji ikapanda kukonzedwa, abweze kiyi.

"Ndiye mukaikonza nokha mumdimamu?" anafunsa mkazi wake Chrissie. "Mawa muli pa shifiti, bambo a Pamela."

"Nanga nditani? Andilande malo anga ndikuyang'ana?"

Anafika kushedi kuja kutada. Anasiya magetsi a galimoto akuyaka n'kuyamba kuzula misomali. Kunkazizira koopsa. Misomali ija anaikhoma ndi mtima wonse, ndiye inkakana kuzuka. Ankazula akudzitukwana.

Atasuntha njanji imodzi yokha, anamva chitsulo cha njanjiyo chikulira chapansipansi. Anaikapo dzanja. Chinkanjenjemera.

Kasitima kanali kokhomeredwa m'shedi, kozizira. Komanso pamalopo panalibe gudumu lokwanira pa njanji yakeyo. Mbali inayo, njanji inkangothera patchire.

Kutchire komweko kunatulukira nyali.

Inali ngolo yokankha ndi manja. Amuna oikankhawo anali m'makabudula a khaki, opanda nsapato, m'chisanu chimenecho. Ankaimba motsitsa nyimbo yonyamulira njanji. Kunamveka fungo la thukuta ndi fodya wa chingambwe. Magudumu anakhala bwinobwino pa njanji, osagwedera.

Ngolo inaima pomwe anazulapo. Kapitawo anatsika, chipewa chitaphimba nkhope, n'kuponda njanji yosunthidwayo.

"Iwe mnyamata, wazuliranji?"

"Si saizi yake, bwana," anayankha Mervin. "Andilanda kiyi."

"Saizi yake ndi yomweyi. Ife tazungulira nthawi yaitali kusowa podutsa. Bwezera."

Palibe anamugwira. Anangoima momuzungulira, ndipo pakamwa pawo sipankatuluka nthunzi ngati pake. Mervin anatola hamala. Anabwezera njanji, nakhoma msomali uliwonse misozi ya ukali ili mbwembwembwe. Atamaliza, ngolo inadutsa kulowera ku shedi. Chitseko chinali chokhoma, koma nyimbo ija inapitirira mpaka kuzilala.

Kutacha Theresa anamupeza atakhala pa miyala, manja ali matuza okhaokha. Njanji inali yotakata monga dzulo. Pamwamba pake pokha, pomwe panali dzimbiri, panali mbee ngati padutsa sitima. Mervin anamulozera, nayamba kufotokoza, Chingerezi n'kumuthawa. Mayiyo anamvetsera mwachifundo ndithu, kenako anatambasula dzanja. Kiyi anapita.

Nkhani inafika mpaka ku Indianapolis. M'mashopu a ku Lafayette Road, azimayi akwathu ankanong'onezana kuti chida cha malemu sachotsa pakhomo anthu asanamete, eni ake amachilondola. Mervin akamva zimenezo amangotsonya. Njanji zonse zili mu Indiana muno, anthu a ngolo aja anaona yake yokha?

Chigawo chija anakonza ndi anthu ena, ndipo ana amakwera kasitimako mosangalala. Mervin akamadutsa pamsewu amachepetsa liwiro n'kusuzumira pampanda. Kiyi uja amamuwawabe. Koma chimene chimamusowetsa tulo n'chakuti sakudziwa kumene anthu aja akudutsa tsopano.