Dzanja la Aphunzitsi Silvestre

Ku Furancungo palibe amene sam'dziwa Clementina, mwana wa a Bernardo, uja anakaphunzira za makina ku Tete n'kubwerera kwawo pamene anzake onse anatsalira m'tauni. Ndiye amasamala makomputadori a m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe anthu amalembera ndi kusindikiza mapepala awo. Si wolankhulalankhula. Makina akavuta sawamenya mbama monga timachitira enafe. Amakhala pansi n'kuwayang'ana mpaka atamva chimene akudandaula.

Mwa anthu amene ankabwera m'chipindamo munali a Silvestre, mphunzitsi wopuma ntchito. Iwowa ndi amene anaphunzitsa ana pansi pa mitengo anthu atangobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Paukalamba wawo ankapeka nyimbo za kwaya. Koma matenda anawalanda dzanja. Linkanjenjemera ngati tsamba la fodya pamphepo. Akafuna chilembo chimodzi, pagalasi pankatuluka mulu wa zilembo. Akagwira rato, kambewa kolozera kaja, muvi wake unkangothamanga uku ndi uku.

Tsiku lina anakankha teklado, thabwa lija la mabatani olembera.

"Mwanangu, basi," anatero. "Nyimbo zili m'mutu, koma dzanja landikana."

Clementina anaganiza zowathandiza. Anatha milungu ingapo akupanga kapulogalamu kakekake. Kanali kopanda nkhope. Sikankaoneka pagalasi, kankangokhala kuseri, ngati munthu woima pachipata amene aliyense wolowa ayenera kuyamba wadutsa pa iye. Batani lililonse likadindidwa, rato ikasuntha pang'ono pokha, kankayamba kumva ndi iko, kaya munthu akulemba nyimbo, kaya akuwerenga uthenga. Kakazindikira dzanja la a Silvestre, kankataya zilembo zobwerezabwereza ndi kuwongola muvi uja. Nthawi iliyonse kakawongola, kadontho kobiriwira kankaphethira pakona pa galasi. Kwa anthu ena onse kankangokhala duu.

Wina anamuuza kuti kanthu kotere kangathe kuba zinsinsi za anthu.

"N'zoona," anavomera Clementina. "N'chifukwa chake kanga sikasunga kanthu. Kamamva, kamawongola, kamaiwala."

A Silvestre anayambanso kulemba, ndipo kwaya inaimba nyimbo zatsopano. Analemba mpaka mvula yoyamba, pamene anagona osadzukanso. Kuyambira pamaliro, akazi awo, mayi Doroteia, mutu sunawayendenso bwino. Ankasesa pabwalo n'kumafunsa odutsa ngati aphunzitsi aweruka.

Madzulo ena chimanga chili m'chiuno, mvula inayamba dzuwa lisanalowe. Mdima unabwera msanga. Anthu onse anali atathawira kwawo, ndipo Clementina anatsala yekha akudikira kuti ikate. Anazimitsa makina onse, kupatula a pakona aja, amene aphunzitsi ankakonda. Anali chowerama, akukulunga mawaya.

Kadontho kanaphethira.

Anaganiza kuti ndi maso ake. Anadzutsa mutu bwinobwino.

Kanaphethiranso. Kenaka kawirikawiri, n'kupuma, n'kuyambanso.

Pampando panalibe munthu. Mabatani sankasuntha. Clementina anayang'ana kudenga, poganiza kuti mwina malata akudonthera pateklado. Anagwira. Panali pouma. Anaganiza za anyamata ochenjera amene amalowa m'makina a eni ali kutali, koma kabokosi ka intaneti anali atakazimitsa kale, nyali zake zonse zili zii. Anapita kuseri kwa komputadori, n'kuzula waya wa teklado. Anaima waya uli m'manja.

Kadontho kanapitiriza.

Mvula inkalindima pamalata. M'chipindamo munkanunkha fumbi lonyowa. Kaphethiridwe kameneka Clementina ankakadziwa. Ankakaona tsiku ndi tsiku. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalemba chomwecho, kuthamanga pang'ono, kuima, kubwerera, ndipo munthuyo Clementina anam'ponyera dothi ndi dzanja lake lomwe.

Chitseko chinali chotsegula. Miyendo inkafuna kuthawa. Anafika mpaka pakhomo, madontho akumumenya kumaso. Pomwepo m'pamene mutu wake wa zamakina unam'gwira. Pagalasi panalibe tsamba lotsegula. Aliyense amene ankalembayo, mawu ake analibe potera. Kapulogalamu kaja kankawamva, n'kuwawongola, n'kuwaiwala, monga anakapangira iye mwini. Anali ngati munthu wofuula panja pa nyumba yotseka.

Ndipo kadontho tsopano kankaphethira mofulumira, ngati munthu amene mtima wam'thera.

Clementina anabwerera. Pampando sanakhalepo. Anaima pambali, monga ankachitira aphunzitsi ali moyo, n'kutambasula mkono mosamala kuti asakhudze pamene pakanakhala phewa lawo.

"Pepani, aphunzitsi," ananong'ona. "Ndikutsegulireni."

Anatsegula tsamba loyera.

Zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, zoongoka bwino.

Doroteia.

Zinaima. Kadontho kanaphethira.

Kamlatho ka kudimba. Madzi.

Clementina anadikira.

Fulumira mwanangu.

Sanatseke ngakhale chitseko. Anathamanga m'matope mpaka pamsika, pamene Felizardo, bambo woyendetsa mota, njinga yamoto ya matola, anabisala pakhonde la sitolo.

"Achimwene, tiyeni kudimba la a Silvestre. Pompano."

"Mvula yonseyi, achemwali? Njira ija ndi phala lokhalokha."

"Mayi Doroteia ali pamlatho."

"Wakuuzani ndani?"

Clementina anam'yang'ana m'maso. "Aphunzitsi."

Felizardo anatuluka pakhonde paja. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuliza mota.

Anaterereka, anagwa, anadzuka. Pamene njira inathera anasiya mota n'kulowa m'chimanga wapansi, Felizardo akuunikira ndi foni. Masamba ankawakwapula kumaso. Mtsinje anaumva asanauone. Kamtsinje kaja, kamene m'chilimwe nkhuku imadumpha, kankabangula ngati chigayo.

Kuwala kunagwera pa chinthu choyera.

Mayi Doroteia anali chilili pakati penipeni pa kamlatho ka mitengo, atavala duku loyera la kutchalitchi. Madzi anali atakwera pamwamba pa mitengoyo, akuwamenya m'akakolo. Sankagwedezeka. Mkono wawo wamanja unali utatambasuka pambali, m'mwamba pang'ono, ngati wa munthu amene wina wam'gwira.

"Mayo ine," anatero Felizardo. "Achemwali, musapite. Mtengo uwo ukusuntha."

Clementina anamasula chitenje, n'kumupatsa nsonga imodzi. Inayo anaikulunga padzanja. Anavula nsapato. Anaponda mtengo woterera uja, phazi ndi phazi, madzi ozizira akum'kokera kumunsi. Sanayang'ane pansi. Anangoyang'ana duku loyera lija mpaka atafika.

"Mayi, ndine Clementina. Tiyeni kunyumba."

Mayi Doroteia anatembenuka, nkhope ili phee.

"Wachedwatu," anatero. "Aphunzitsi anati ndisasunthe, akukaitana mwana wa makina."

"Ali kuti aphunzitsiwo?"

"Anali pompano. Angondisiya pamene wafikapa."

Mkono uja unatsika pang'onopang'ono. Clementina anaugwira. Mayiwo anali atanyowa thupi lonse, madzi akuchucha m'duku, m'malaya, paliponse. Koma padzanja pamene anagwirapo panali pouma, ndiponso pofunda.

Anabwerera chammbuyo, Felizardo akukoka chitenje. Ataponda nthaka, Clementina anakhala pansi m'matope. Asanapume n'komwe, kumbuyo kwawo kunamveka phokoso. Felizardo anaunikira. Pamene panali kamlatho panali madzi okhaokha.

Kunyumba kwa a Silvestre anapeza ana ndi adzukulu ali phee m'kati. Onse ankayesa kuti mayiwo agona kuchipinda.

M'mawa Clementina anapeza chitseko chili chotsegula monga anachisiyira. Magetsi anali atazima usiku, ndipo tsamba lija linapita nawo. Panalibe choonetsa munthu. Waya wa teklado unali pansi.

Nkhani inayenda msanga, chifukwa Felizardo ankaifotokozera aliyense wokwera mota yake. Ena anati chinali chinyezi cha mvula chimene chinasokoneza makina. Ena anati mtsikanayo anaona mayiwo akudutsa pawindo, mutu wake n'kupeka zotsalazo. Analiponso onong'ona kuti ku Tete anakaphunzirako zambiri, osati zamakina zokha. Koma ngakhale amenewo, akakumana naye panjira, ankam'patukira ndi ulemu, poti palibe mwa iwo amene akanaponda mtengo uja.

Kenaka anthu anayamba kubwera. Wina ndi foni, wina ndi komputadori yakale yokulunga m'nsalu. Tsiku lina kunafika mayi wochokera ku Chidzolomondo, mapazi ali mbuu ndi ulendo. Mwana wake wamkazi anamwalira pobereka, osatsazika.

"Mundiikireko kanthu kanu kaja," anapempha, akupereka foni ndi manja awiri. "Ndingomva mawu amodzi okha."

Clementina anam'khazika pansi, n'kumupatsa madzi akumwa. Anaigwira foniyo kanthawi, kenaka anaibweza m'manja mwa mwini wake, n'kufumbatitsa zala zake pamwamba.

"Mayi, ndikanatha ndikanakuchitirani lero lomwe," anatero. "Koma kanga kamangomva. Sikaitana munthu."