Buku la Josephine Silinapse

Lolemba, 7:20 m'mawa, Tukiya wosesa anapeza a Yoram Zgambo atagona chafufumimba pakati pa mashelefu m'laibulale ya koleji ina cha ku Mpima, mutu utaswedwa kunkhongo. Zaka makumi atatu akusamala mabuku a eni, n'kufera pafumbi ngati khoswe.

Sajeni Mazuba, wapolisi wa imvi zake, anafika 8:05. Anapeza anthu ophunzira kwambiri a pakolejipo atagamula kale mlandu.

"Ndi wosesayu," anatero Dokota Sailas Mvula, mphunzitsi wamkulu. "Makiyi amasunga ndi iye."

Chala chimathamangira wosauka. Tukiya anakhala maola atatu m'chipinda chofunsira mafunso. A Yoram anaoneka komaliza Loweruka masana.

"Loweruka masana munali kuti, mayi?"

"Kumaliro ku Chowa, bwana. Funsani mpingo wonse, nyemba ndinaphika ndine."

Mpingo unavomera. Mazuba anabwerera kulaibulale kukafunsa a Eva, anzawo a ntchito a malemuwo.

"Ana a masiku ano sabwereka mabuku, zonse amafuna pafoni," anatero a Eva. "Ba Yoram ankajambula zolemba zakale za ophunzira, tsamba ndi tsamba, kulowetsa m'kompyuta. Wina akakopera za mnzake, imaulula."

"Chasowa chilipo?"

"Buku limodzi la 1996. Kafukufuku wa Josephine Lungu, wa fumbi la kumgodi. Anamwalira asanalandire digiri."

Kuseri kwa laibulale, m'mgolo wa zinyalala, munali phulusa ndi kachikuto kakuda. A Eva anayatsa kompyuta. Buku lonse linali momwemo, lolowetsedwa Loweruka 14:32, ndipo pambali pake panatuluka buku lina la 2003 lofanana nalo mawu ndi mawu.

Lachiwiri, 10:00, Mazuba anayala mapepala patebulo la Dokota Mvula.

"Dokota, buku la 2003 ili, limene linakupatsani udokota, munalemba ndinu?"

"Ndine."

"Nanga mtsikana wakufa anakukoperani bwanji inu musanalembe?"

Mvula anayang'anitsitsa masambawo.

"Izi mwazitenga kuti? Lijatu lina..."

"Linapsa? Anapsa ndi mapepala."

Bambo wamkulu, jekete ndi tayi, analira mamina ali chuchuchu.

"Anali wophunzira wanga. Atamwalira ndinati ndani adzatsegule buku la mwana wa m'komboni? Zaka zonsezi linangogona pashelefu. Loweruka Yoram anandiitana, akuti ndikadziulule ndekha Lolemba, apo ayi anena iye. Ndinagwada, anakana. Chitsulo chotsekera zenera chinali pafupi. Ndinatentha bukulo, ndinkati zathera pomwepo."

Kufa kwa a Yoram sanakulire ayi. Ankalira mpando wake.

Mazuba anatulutsa unyolo.

"Chonde Sajeni, musandidutsitse pamaso pa ana asukulu nditamangidwa. Ndine dokota."

"Udokota ndi wa Josephine," anatero Mazuba. "Tambasulani manja, ba Sailas."