Huta Imene Inalira Paphiri

Zimene ndikufotokozazi sindinazitole m'minibasi ayi. Zinagwera mwamuna wanga, Fines Mbewe, ndipo amene anaziona ndi maso ake ndi mlongo wanga Levy. Levy ali moyo, amakhala ku Katete. Wokayika apite akamufunse, ngakhale sindikudziwa ngati angamuyankhe. Ine ndine Violet, ndipo nthawi imeneyo tinkakhala ku Nangongwe.

Fines ndi Levy ankagwira ntchito limodzi pa fakitale ina yosoka masaka kuno ku Kafue. M'zaka zija makampani ankagulitsidwa ngati tomato, yawo inatsekedwa. Lachisanu anaweruka bwinobwino, Lolemba anakapeza tcheni pageti. Anthu anabalalika. Ena anayamba kugulitsa zovala zakale za salaula, ena anabwerera kumidzi, koma ambiri anangokhala pakhonde mpaka matenda anawatola. Maliro anachuluka moti tinasiya kufunsa kuti walira ndani, tinkangomanga chitenje n'kutsata kumene kukumveka nyimbo.

Fines sanali munthu wolankhulalankhula. Ntchito itatha, ankadzukabe m'mamawa, kusamba, kupukuta majombo ake, kenako n'kukhala pansi pa mango osapita kulikonse. Nshima ankangoitsina kawiri n'kusamba m'manja.

Levy ndiye anapeza chochita. Tsiku lina anakumana ndi azungu pamalo omwetsera mafuta akufunsa njira yokwerera phiri lina lalitali lomwe lili kuseri kwa tauni. Anawaperekeza. Iwo anakauza anzawo ku Lusaka kuti ku Kafue kuli phiri labwino kwa munthu woyamba kumene: losafuna zingwe, losafuna kukwawa, koma ukafika pamwamba umaona mtsinje wonse utagona ngati njoka m'dambo. Ambiri amene ankabwera anali okonzekera kukakwera Kilimanjaro, ndipo ankafuna ayambe ayesa miyendo ndi mpweya wawo pafupi. Levy anaitana mlamu wake kuti azithandizana. Iye ankatsogola, Fines ankabwera kumbuyo ndi chikwama cha madzi, kuyang'anira wotsalira.

Ndinayamika Mulungu. Mwamuna wanga anayambanso kumaliza mbale, ndipo madzulo ankaseketsa mwana wathu Melody potsanzira mmene azungu amapumira wefuwefu.

Mu Juni wa 1997 kunabwera mayi wina wachizungu dzina lake Gwendolyn, mphunzitsi wa ku Lusaka. Anali asanakwerepo phiri chibadwire, ndipo anabwera yekha chifukwa ankachita manyazi kulephera pamaso pa anzake. Ananyamuka atatuwo dzuwa litangotuluka, kukuzizira kwambiri.

Levy akuti ulendo unayamba bwino. Anamuphunzitsa mayiyo zimene ankaphunzitsa aliyense: kuponda mapazi afupiafupi, kusathamangira, kumwa madzi ludzu lisanafike, ndiponso kusayang'ana pamwamba kawirikawiri chifukwa mtima umagwa. Gwendolyn ankapuma pafupipafupi, koma sankadandaula. Anadutsa minda ya m'munsi, anadutsa pamene anthu amawotcha makala, nalowa m'mitengo ya misuku. Dzuwa likuyandikira pamutu, anali atatsala pang'ono kufika pansonga, pamalo pamene njira imapanikizika pakati pa thanthwe ndi udzu wautali.

Pamenepo nkhungu inakwera kuchokera kumtsinje. Nkhungu ya Juni imabwera m'mawa n'kutha dzuwa likakwera, koma iyi inabwera masana. Inawapeza mofulumira ngati utsi wa moto wolusa. Njiwa zimene zinkalira m'mitengo zinasiya.

Woyamba kulankhula anali Gwendolyn. Anafunsa Levy m'Chingerezi ngati kuli msewu pafupi, chifukwa ankamva fungo la injini.

Kunalibe msewu. Koma Levy nayenso analimva. Linali fungo la girizi wotentha losakanikirana ndi fumbi la khonje, fungo limene linkakakamira m'maovololo awo ngakhale nditawachapa ndi sopo wochuluka bwanji.

Kenako huta inalira.

Amene anakhalako ku Kafue kale akuidziwa huta ya fakitale ija, yoitana anthu kuntchito. Inkayamba pansipansi ngati ng'ombe yodwala, n'kukwera, n'kusweka mawu kumapeto. Inachotsedwa fakitale itangotsekedwa. Ndipo sinalire kuchokera kutauni kumunsi. Inalira pamwamba pawo, pansonga pamene palibe china koma miyala.

Levy anatembenuka. Fines anali ataika chikwama pansi.

"Mulamu, wamvela?" anatero Fines monong'ona.

"Namvela. Nyamulani chola, tiseluke."

"Ni ya shifiti ya masana."

"Kulibe shifiti, mulamu. Tiyeni."

Anamva mapazi. Majombo ambiri akuponda timiyala, akutsika, osathamanga. Wina anatsokomola. Kachitini ka chakudya kankagunda pa lamba, ngwe, ngwe, ngwe.

Gwendolyn anandiuza yekha pambuyo pake, Levy akumasulira, kuti sanaone munthu aliyense. Anamva huta, anamva mapazi, ndipo anaona udzu ukugona mbali zonse ziwiri za njira popanda mphepo. Anakhala pansi n'kutseka nkhope.

Levy anawaona. Anatuluka m'nkhungu ali pamzere, atavala maovololo abuluu, mitu ili choweramira. Sankayang'ana kumbali. Ankawadziwa onse. Uyu anali wa kumakina odulira. Uyu ankayimba kwaya ku Kafue Estates. Onse anali anthu amene tinawaika m'manda.

Wakumapeto anali Lastone, amene makina ake anali oyandikana ndi a Fines. Bokosi lake Levy analinyamula nawo chaka chapitacho. Lastone anaima. Sanakweze mutu.

"Ba Fines," anatero, "mwachedwa."

Basi. Anapitirira.

Fines anapukuta manja pathalauza n'kulowa pamzere.

Levy anamugwira malaya. Akuti zinali ngati kugwira ngolo yotsika mtunda. Batani linaduka, malaya anapulumuka m'manja mwake. Anakuwa dzina limene tinkamuitanira, "Bashi Melody! Bashi Melody!" Fines sanacheuke. Nkhungu inamumeza, mapazi anazilala, ndipo posakhalitsa dzuwa linawala ngati palibe chachitika. Njira yonse yotsika inkaoneka mpaka kuminda. Munalibe munthu.

Levy sakanamusiya mlendo yekha paphiri. Choncho anatsika naye pang'onopang'ono, akumugwira mkono, akuitana dzina la mlamu wake pakona iliyonse. Anafika kunyumba kwanga dzuwa litapendeka, milomo itauma.

"Ba sisi, bafika kuno?"

"Bandani? Simunali pamodzi?"

Asanayankhe, panafika bambo wina pa njinga. Anali Boyd, mlonda amene ankayang'anira fakitale yotsekedwa ija kuti anthu asabe malata.

"Amake Melody, bwelani mutenge bamuna banu. Bali pa geti kuchokela masana."

Levy anamufunsa kuti masana nthawi yanji. Boyd anati dzuwa lili pamutu penipeni. Kuchokera pansonga ya phiri lija kukafika kufakitale, ngakhale mnyamata wothamanga amafika dzuwa litapendeka.

Tinamupeza atakhala pansi, atatsamira geti. Tcheni chinali chomangidwa, loko wachita dzimbiri. Koma tsitsi lake, nsidze zake ndi mapewa ake zinali mbuu ndi fumbi la khonje, ndipo manja ake anali bii ndi girizi wofewa. Ndinamugwira. Girizi anali wofunda.

"Bashi Melody, muchita chani kuno?"

Anandiyang'ana ngati munthu woweruka. "Nalema," anatero. "Nchito yapaka, yachuluka."

Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso phiri. M'mawa uliwonse ankavala majombo n'kupita kugeti. Ndinayesa kumutsekera m'nyumba. Anakhala pakhomo, thukuta lili kamukamu, akuchonderera kuti amudula malipiro a tsiku, mpaka ndinamutsegulira. Ndinamutsatira kangapo. Ankangoima pageti, manja ali lende, maso ali pabwalo lomera udzu. Sankakhudza kanthu. Koma madzulo akabwera, madzi a m'beseni ankada.

Abusa anabwera kudzapemphera. Kuchipatala anamuyeza chifuwa ndi magazi, sanapeze kanthu. Gwendolyn anabwera kudzationa kamodzi, atanyamula shuga ndi buledi. Anati ulendo wa ku Kilimanjaro wauleka. Anakhala pampando akuyang'ana manja a Fines, ndipo tiyi amene ndinamupatsa anazizira osamwa.

Fines ankatha ngati sopo. Pofika Okutobala sankathanso kuyenda. Levy ankabwera tsiku lililonse kudzamutembenuza ndi kumusambitsa. Madzulo ena, Levy akumupukuta kumsana, Fines analankhula bwinobwino, ndi mawu ake akale.

"Mulamu, bakufunsa."

Levy anaimitsa dzanja. "Bandani?"

"Ba kapitao. Bakuti mashini yako ilibe muntu."

Fines anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Levy anadikira kuti tiike maliro, ndipo tsiku lomwelo anakwera basi ya ku Katete. Zovala zake zina zilipobe kwanga. Azungu anapitiriza kubwera kwa kanthawi akufunsa za anyamata a phiri, koma palibe amene anavomera kuwaperekeza.

Pamaliropo Boyd anabwera. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi nkhuni, chipewa chili pabondo. Anthu atayamba kumwazikana ndinapita kukamuthokoza, ndipo ndinamufunsa funso limene linkandidya.

"Ba Boyd, imwe munali kubaona bamuna banga masiku onse. Banali kuchita chani pa geti paja?"

Anayang'ana uku ndi uku.

"Banali kupeleka moni, amai. Kuitana bantu maina, umodzi umodzi."

"Imwe munali kuona bantu?"

"Awe. Sininaonepo aliyense."

Anapinda chipewa chake, n'kuchipindanso.

"Koma nikuuzeni zoona. Dzulo masana ninali nkhale pa geti neka. Tcheni ili chomanga, njila ili mbee. Nadabwa chabe naimilila, napatuka kuti bapite." Anatsitsa mawu. "Wina anakamba ati zikomo. Mau yaja niyaziba, amai."

Sindinamufunse kuti anali mawu a ndani, ndipo iye sananene. Anavala chipewa, anakankha njinga yake mpaka kumsewu osaikwera.