Wogula Amene Ndinamupeka Ndekha

Anthu amati ife ogulitsa nyumba bodza lili m'magazi, ndipo sindikana. Koma ichi chokha n'choona, ndipo mlonda wa panyumba ina imene ndinkagulitsa, mdala amene tinkamutchula kuti Achipewa, analipo.

Nyumbayo inali yosanja, zipinda zogona zisanu ndi ziwiri, dziwe losambira kuseri, geti lotseguka lokha. Inakhala chaka ndi theka osagulidwa. Ndalama inali itagwa mphamvu, mabanki atakweza chiwongoladzanja, olemera onse ataumitsa manja. Ankabwera, kugogoda matailosi, kudzijambula pamasitepe, kenako n'kumati, "Tione kaye mmene chuma chiyendere." Kuona kwake mpaka liti? Abwana anandiuza mosapita m'mbali kuti ikapanda kugulidwa mwezi umenewo, ndikafune ntchito kwina.

Pantchito yathu pali kabodza kodziwika: umauza wogula kuti pali wina akuifuna kale, n'cholinga choti achite changu. Ine ndinakakometsera. Ndinkati ndi bambo wamtali wa suti yotuwa, woyenda ndi ndodo, wosuta fodya wodula. Ndinamufotokoza kambirimbiri mpaka ndinamuloweza.

Lolemba lina Achipewa anandiimitsa pageti.

"Achemwali, kasitomala wanu uja anabwera dzulo."

"Uti?"

"Wandodo uja. Akuti musamabweretse anthu ambiri, akudetsa pansi."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti asiye kumvetsera nkhani za eni, ndipo ngati amamwa ali pantchito, aleke.

Lachinayi masana kunabwera dokotala wina wamkazi, wogula weniweni, mapepala a kubanki ali m'manja. Ameneyu sindinamuuze n'komwe za wandodoyo, panalibe chifukwa. Tinazungulira zipinda zonse zapansi iye akungogwedeza mutu mokhutira. Foni yanga inalira, ndiye ndinamupempha kuti atsogole kumwamba.

Ndili pafoni ndinamva fungo la fodya. Mawindo onse anali otseka. Mbalame panja zinangoti zii. Kenako, pamwamba pa mutu wanga penipeni, go. Go. Go. Ndodo pamatailosi.

Achipewa anali ataima pakhomo, dzanja lili pakamwa.

"Mwamva?" ananong'ona.

Ndinadula foni.

Dokotala uja anatsika atakwinya nkhope.

"Mayi, mwanditayitsa nthawi. Bwanji osanena kuti munagulitsa kale? Mwini wake wandilandira bwino, koma akuti akufuna kupuma."

"Kumwambako kulibe munthu!"

"Nanga wa suti yotuwayo ndi mpando?"

Anakwera galimoto yake osatsanzika.

Mantha ndinali nawo, inde, koma mkwiyo unaposa. Chaka ndi theka ndikuchonderera anthu, wogula mmodzi yekhayo n'kuthamangitsidwa ndi munthu woti ndinamuumba ndekha ndi pakamwa pangapa! Ndinaima m'munsi mwa masitepe n'kukuwa.

"Bambo! Ngati mwaikonda, tsikani mudzasayine!"

Ndinayang'ana kumwamba.

Kenako chitseko cha chipinda chachikulu chinayamba kutsekeka pang'onopang'ono. Kiyi anatembenuka kawiri. Makiyi onse a nyumbayo anali m'dzanja langa.

Mwezi utatha, ntchito inathanso. Achipewa akadali pomwepo, ndipo akuti mayi amene anandilowa m'malo wabweretsa kale ogula atatu, onse abwerera pamasitepe akupepesa kuti asokoneza eni nyumba. Ndinamuimbira foni kuti ndimuchenjeze. Iye akuti ndikuchita nsanje.