Violeta ndi Nyemba Zofiira

Violeta adali mtsikana wa ku Fonte Boa. Adali ndi khumbo limodzi laling'ono. Ankafuna kuti chitsononkho chake chifike kumudzi.

Musaseke. Chitsononkhocho chidali munthu wake wa m'masewera. Adachiveka kansalu kobiriwira.

Masiku amenewo kudali nkhondo. Sikola idali yotseka, kuphunzira kudaima. Ana sankapita kumtsinje. Sankapitanso kuphiri. Amayi ankati, "Sewerani pano pakhonde, pamene maso anga akufika."

Pakhondepo padali meza yakale, yogwedera mwendo. Masewera ankachitikira pamenepo.

Mwini masewera adali Baltazar, msuweni wa Violeta. Adali mwana wa amalume ake, wamkulupo pang'ono. Adabwera wapansi kuchokera ku Lifidzi, yekhayekha. Nkhondo itafika kwawo, anthu adabalalika. Makolo ake adathawira ku Dedza. Iye adathawira kwa azakhali ake, amayi a Violeta.

Baltazar sankayankhula. Pakudya, zii. Kumunda, zii. Koma akakhala pa meza, pakamwa pake pankatseguka.

Masewerawo ankayenda chonchi. Baltazar ankaika miyala, amenewo mapiri. Ankayala luzi, umenewo mtsinje. Kumapeto kwa meza ankavundikira chikho, kumeneko kumudzi. Iye ankasimba za ulendo. Violeta ndi mlongo wake wamng'ono, Artur, ankayendetsa zitsononkho zawo. Akakumana ndi choopsa, ankapisa dzanja m'kathumba ka nyemba, osayang'anamo. Yoyera, wapulumuka. Yofiira, wagwa, ubwerere poyambira.

"Padangokhala," adayamba Baltazar.

"Tili tonse," adavomera Violeta ndi Artur.

Nthano imayenda choncho. Popanda "tili tonse", wosimba sapitiriza.

"Panjira pali fisi," adatero Baltazar. "Mutani?"

"Ndikwera mumtengo," adatero Artur. Adapisa dzanja. Yofiira.

"Nthambi yathyoka. Wagwa."

"Ine ndimuopseza ndi chikuni chamoto," adatero Violeta. Adapisa dzanja. Yofiira.

"Fisi waitana anzake. Wagwa."

Tsiku lina mtsinje udadzaza. Yofiira. Tsiku lina njuchi zidalusa. Yofiira. Tsiku lina tchire lidayaka moto. Yofiiranso. Pachikho sadafikepo munthu.

"Asuweni, kodi afisi anuwa sagona?" adafunsa Violeta.

"Walira mvula walira matope," adayankha Baltazar. "Masewerawa udawafuna wekha."

Violeta sadagonje. Mtsikanayu adali wamakani ngati mbuzi yoona chimanga. Adadula mapesi. Adamanga kamlatho kokongola.

"Lero ndiwolokera pamlatho," adatero.

"Pisa dzanja."

Yofiira.

"Madzi akokolola mlatho wako. Wagwa."

Artur adaponya chitsononkho chake pansi. Misozi idalengeza m'maso mwake.

"Ine basi," adatero. "Sindiseweranso."

Adapita kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Baltazar adangotola miyala yake. Pakamwa pake padatsekekanso.

Violeta adapsa mtima. Adachitanso mantha. Masewera akafa, mawu a msuweni wake afera momwemo. Ndiye adzayankhulanso liti?

Violeta sadagonje. Adakhala pansi n'kuganiza. Kenaka adapita kuseri kwa nkhokwe. Adanong'oneza Artur kukhutu.

"Mawa ubwere kamodzi kokha. Uzichita zimene ndikuchita ine."

M'mawa kudacha ndi nkhungu. Kudazizira kwambiri. Violeta adakoka Baltazar padzanja mpaka pa meza. Baltazar adaika miyala. Adayala luzi. Adavundikira chikho.

"Padangokhala," adayamba.

Zii.

"Padangokhala," adateronso mokweza.

Zii. Idayankha nkhuku yokha pansi pa meza.

"Kodi mwagontha?" adafunsa Baltazar.

"Tamva, asuweni," adatero Violeta. "Koma sitinganame. Sitili tonse ayi. Ife tili kuno tokha. Inu muli uko ndi afisi anu."

"Sitili tonse," adatero Artur, atapinda manja.

Nthano ya Baltazar idaima pakhomo ngati mlendo wosalonjeredwa.

"Khuthulani kathumbako pa meza tione," adatero Violeta.

Baltazar adazengereza. Kenaka adakhuthula. Zofiira zidangoti mbwee pa meza ponse. Yoyera idali imodzi yokha, nayonso yofumbwa.

"Afisi tikuwafuna," adatero Violeta. "Masewera opanda fisi sakoma. Mtsinje tikuufunanso. Koma mutisiyireko njira yofikira kumudzi."

Baltazar adayang'ana chikho chija nthawi yaitali.

"Kumudzi munthu safika," adatero motsitsa mawu. "Ine ndikudziwa."

Mkwiyo wa Violeta udathera pomwepo. Adamumvera chisoni msuweni wake. Adawerama n'kutola chitsononkho china. Adachiimika pakati pa chake ndi cha Artur.

"Uyu ndinu," adatero. "Lero muyenda nafe. Wina akagwa, mnzake amudzutse."

Amayi ankasankha nyemba m'lichero chapafupi. Adamva zonse. Adatapa nyemba zoyera zodzaza dzanja. Adazithira m'kathumba muja.

"Izi ndi za azakhali ako," adatero. "Zofiirazo bwezeramo, afisi asakwiye. Koma masana mundipatse, ndiwo zathu ndi zomwezo."

Baltazar adamwetulira pang'ono. Adasakaniza nyemba zija. Adakonza pakhosi.

"Padangokhala."

"Tili tonse," adavomera Violeta, Artur ndi amayi.

Fisi adabweranso, wamkulu kuposa kale. Artur adapisa dzanja. Yoyera.

"Wakwera mumtengo," adatero Baltazar. "Fisi watopa, wapita."

Artur adavina ndi mapewa.

Adafika pamtsinje wodzaza. Violeta adapisa dzanja. Yofiira.

"Waterereka. Madzi akukutenga."

"Asuweni, munthu wanu ali pagombe," adatero Violeta. "Atani?"

Baltazar adali asanapisepo dzanja m'kathumba kake komwe. Adayang'ana chitsononkho chake.

"Akutambasulira ndodo," adatero.

Adapisa dzanja. Adalitulutsa. Adalifumbatula pang'onopang'ono.

Yoyera.

"Wakuvuula," adatero Baltazar. "Tawoloka tonse."

Zitsononkho zitatu zidadutsa luzi. Zidazungulira mwala womaliza. Zidafika pachikho. Artur adachivundukula msangamsanga. M'kati mudalibe kanthu.

"Nanga kumudziku kulibe anthu?" adafunsa Artur.

Violeta adadikira. Kenaka Baltazar adatola nyemba ziwiri zoyera. Adaziika pamene padali chikho.

"Alipo," adatero. "Awa ndi atate. Awa ndi amayi. Akhala pakhomo, akutidikira."

Amayi a Violeta adaika lichero pansi. Adamufunditsa Baltazar nsalu yawo m'mapewa.

"Tili tonse," adatero Violeta. "Pitirizani, asuweni."

Baltazar adasimba za nyumba ya kwawo. Adasimba za mtengo wa mapichesi wa kuseri kwake. Adasimba za galu wawo wodya mbatatesi zosaphika. Adasimba, adasimba, mpaka amayi adaiwala za ndiwo.